Mpweya wa a Tcheyamani Nyani

Panangokhala, inu muziti tili tonse, nyama zitatopa ndi kuyenda pansi zinayamba kugula njinga. Zopeza bwino zinkakwezedwa, zosauka zinkapalasa, ndipo pamphambano ya misewu itatu panabadwa siteji ya kabaza. Msewu wina unali wa tala, wopita ku boma. Wina unali wa miyala, wopita kuchigayo. Wachitatu unali wa mchenga wambiri, wopita kudambo.

Tcheyamani wa siteji anali Nyani. Musaganize kuti anamusankha chifukwa cha nzeru, iyayi. Pampu inali yake, ndipo m'dera lonselo inalipo imodzi yomweyo. Mwini pampu ndiye mwini mpweya, tsono Nyani anaika lamulo loti mpweya uzigawidwa potsata udindo. Matayala a Tcheyamani ankapopedwa kokwana makumi asanu. A Nguluwe, amene anali Nduna ya Pampu, makumi anayi. Nyama wamba makumi atatu, osapitirira. Wina akatamanda Tcheyamani mogwira mtima ankamuwonjezera kakhumi. Wina akachita mwano ankamuphwetsera: Nguluwe ankadina valavu, wolakwayo n'kumaimba nyimbo yopepesa, mpweya n'kumatuluka mpaka ndime ya nyimboyo itatha. Mwano umodzi, ndime imodzi pa tayala lililonse. Kugwira wekha valavu ya njinga yako unali mlandu wochotsetsa pa siteji.

Nyimboyo anapeka ndi Nyani yemwe. Woimba ankavomereza kuti iye ndi kanthu kakang'ono, kuti mpweya wonse ndi wa a Tcheyamani, ndipo amene anali nawo m'tayala anali wongomukomera mtima. Akafika kumapeto kwa ndime, opalasa onse ankavomera potsanzira kulira kwa valavu uku akuomba m'manja.

Motero ulemu pa sitejipo unkayezedwa ndi chala. Opalasa akakumana m'mawa sankafunsana za kunyumba, ankatsinana matayala. Njinga ya Nyani inali ndi matayala opyapyala ngati chala, olimba gwa. Akamapalasa, njinga inkanjenjemera, mano n'kumagundana m'kamwa, iye n'kumati liwiro ndi limeneli.

Kumapeto kwenikweni kwa mzere kunkaima Likongwe, kanyama kowonda, kopepuka thupi, kolemera pakamwa. Njinga yake anamusiyira ndi malemu bambo ake, amene ankagulitsa nkhuni, ndipo matayala ake anali otakata ngati chikhatho. Anzake ankaitcha Ngolo. Likongwe analibe munda, analibe mbuzi. Ana ake anayi ankadya zimene Ngoloyo yabweretsa.

Tsiku lina kunabwera Mayi Nkhanga, woumba miphika, atasenza dengu. Anadutsa Nyani, anadutsa Nguluwe, anadutsa mzere wonse, n'kukatula dengu lake pa njinga ya Likongwe.

"Kodi mayi, maso akukuvutani?" anafunsa Nyani. "Mzere umayambira kuno."

"Maso ali bwinobwino, a Tcheyamani. Dzana munanditenga ndinu. Ndinanyamuka ndi miphika isanu, ndinafika ndi mapale."

"Limenelo ndi liwiro, mayi."

"Kaya. Koma Likongweyu ananyamuka pambuyo pathu, ife pofika kuchigayo tinamupeza akudya nzimbe."

Nyani anakwiya mpaka ubweya wa pakhosi unaima. Koma kasitomala sakalipiridwa, ndiye mkwiyo wonse unagwera kumapeto kwa mzere.

"Matayala otakata akuchititsa manyazi siteji ino," anatero Nyani. "Nguluwe, tenga mpeni. Matayala amenewo adulidwe, machubu ake akhale malegeni omangira katundu."

Likongwe anaona m'maganizo ana ake anayi atakhala pakhonde opanda chodya. Koma pakamwa pake pankayenda msanga kuposa mantha.

"Dulani, a Tcheyamani, mpeni ndi wanu," anatero. "Kungoti anthu azidzati munadula Ngolo chifukwa munkaiopa."

"Ine kuopa ngolo?"

"Ine sindinatero, ndati anthu. Kuti atseke pakamwa, tiyeni tipikisane. Misewu itatu, masiku atatu. Mukapambana kawiri, mudule nokha ndi dzanja lanu. Ndikapambana kawiri, pampu ikhala yanga."

Nyani anaseka mpaka misozi. Anaitana Khwangwala, wa kolala yoyera uja, kuti akhale mboni ndi woweruza, popeza iye ankatha kuona mpikisano wonse ali m'mwamba. Khwangwala anatsokomola, anabwereza pangano lija kawiri, ndipo onse anavomera.

Tsiku loyamba linali la msewu wa tala. Likongwe ankakumbukira mawu a bambo ake, oti pa msewu wosalala tayala lofewa limakoka ngati ukupalasa m'matope. Ankafuna mpweya, koma makumi atatu a nyama wamba m'tayala lotakata sankafika patali. Ndiye anapita kwa Nyani, anagwada, anaomba m'manja.

"A Tcheyamani, ndabwera kudzapepesa mpikisano usanayambe. Ine ndani kuti ndiime pambali panu? Inu mukamapalasa mphepo imapatuka kukupatsani njira. Mchira wanuwo ndiye mbendera ya siteji ino."

Nyani anayang'ana mchira wake, n'kuona kuti n'zoona. "Nguluwe, muwonjezere kakhumi. Kamwanaka kayamba kuona."

Khwangwala analira, iwo ananyamuka. Likongwe anapalasa mpaka lilime kunja, Ngolo inathamanga kuposa masiku onse, koma pa tala panali pakwawo pa matayala opyapyala, ndipo Nyani anali ndi miyendo ya mphamvu. Anafika ku boma atamusiya Likongwe ndi utali wa njinga imodzi.

Nyani anabwerera ku siteji atanyamulidwa pamapewa. Analamula kuti matayala ake awonjezeredwe kakhumi ngati mphotho, ndipo Nguluwe ayambiretu kunola mpeni. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma madzulo amenewo wooneka ngati wogulitsidwa anali Likongwe. Kulira kwa mpeni pa mwala kunamuperekeza mpaka kunyumba.

Tsiku lachiwiri linali la msewu wa miyala. Likongwe anatsina tayala lake, n'kupeza kuti mpweya wa dzulo uja ukadali momwemo, lili gwa. Bambo ake ankati tayala lolimba likakumana ndi mwala limadumpha, ndipo mphamvu imene umati ikupititse kutsogolo imathera kukuponya m'mwamba. Tayala lofewako limaumeza mwala n'kupitirira. Ankafunika kuphwetsako, koma valavu sakanaigwira yekha. Anayang'ana Nyani, anayeza ndi maso, n'kuona kuti mwano umodzi ukwana.

"A Tcheyamani," anatero mokweza, "dzulo sindinagonje kwa njinga yanu."

"Nanga unagonja kwa yani?"

"Kwa mphuno yanu. A Khwangwala anaona mphuno itafika ku boma, eni ake mukadali pa mlatho."

Opalasa anayesa kugwira pakamwa, koma chiseko chinatulukira m'mphuno. Khwangwala anayang'ana kumbali ngati sanamve.

"Ndime imodzi!" anakuwa Nyani. "Nguluwe, dina!"

Nguluwe anadina valavu, Likongwe anayamba nyimbo ija. Anaiimba ndi mawu a mwana wamasiye, akudzitcha kanthu kakang'ono, akubweza mpweya kwa mwini wake, anzake n'kumavomera ndi kulira kwa valavu. Anawerama ngati manyazi amugwira, koma chala cha kuphazi chinali pa tayala, chikumva momwe likufewera. Ataona kuti ndime ikutha tayala lisanafike pamene ankafuna, anakoka mawu omaliza, anawakoka, anawakokabe, mpaka Mayi Nkhanga anapukuta msozi. Kenako anaimbanso chimodzimodzi pa tayala linalo.

Khwangwala analira, iwo ananyamuka. Nyani anachoka ngati mwala wa pa legeni. Njinga yake inkadumpha pa mwala uliwonse, chishalo chikumumenya pansi, mano akulira, maso akuona misewu iwiri. Iye mumtima ankati sanathamangepo chonchi chibadwire. Akuganiza zimenezo anamva belu pambali pake. Anali Likongwe, atakhala phee pa chishalo, Ngolo ikuyenda ngati ili pa mphasa.

"Zikomo a Tcheyamani, tidutse nawo."

"U-u-ukupita ku-kuti i-iwe?"

"Kuchigayo. Ndikauze kuti mukubwera?"

Nyani anafika kuchigayo ataimirira pa mapedulo, chifukwa chishalo chinali chitamutentha ngati moto. Anapeza Likongwe akudya nzimbe. Khwangwala analengeza kuti aliyense wapambana kamodzi, ndipo mchenga ndiwo udzaweruze.

Tsiku lachitatu Nyani anabwera atavala jekete lalitali lofika m'mawondo, ngakhale dzuwa linatuluka lokwiya. Nguluwe, amene sanali wopusa monga nkhope yake inkanenera, anamukokera pambali.

"Bwana, dzulo ndimaganiza. Tinamuphwetsera, n'kupambana. Ndikuona ngati mwano uja anachita dala."

Nyani zinamuwawa kuti nzeru imeneyi yachokera kwa Nduna, koma anaimva. Anabwerera pagulu akumwetulira.

"Lero ndadzuka ndi mtima wabwino," anatero. "Sindikwiyira aliyense. Ndipo Likongwe, popeza dzulo unachita bwino, landira mphatso. Nguluwe, mupope kakhumi, ubwerezenso kakhumi."

Nguluwe anapopa mpaka matayala a Ngolo anati gwa. Likongwe ankadziwa kuti mumchenga tayala lolimba limakumba ngati khasu, pamene lofewa limatambalala n'kuyenda pamwamba. Ndi matayala amenewa akanangokankha njinga pambali pa Nyani, ndipo pokankha wamphamvu ndiye amapambana.

"A Tcheyamani, mphuno ija yafika kale kudambo?"

"Zikomo, mwana wanga."

"Mchira wanuwo si mbendera ayi. Ndi chingwe choyanikira zovala."

"Wanena zoona. Ulinso ndi ena?"

Likongwe anatukwana nsidze, anatukwana mayendedwe, anatukwana ndi kaseka komwe. Nyani ankangogwedeza mutu, mano ali pamtunda. Nguluwe anatulutsa mpeni n'kumauyesa pa ubweya wa pamkono. Likongwe anaweramitsa mutu.

Ali chiweramire, anazindikira kanthu kena. Opalasa onse anali atakhala pansi kudikira kuti mpikisano uyambe. Nyani yekha ndiye anali chiimire kuyambira m'mawa, miyendo atatangadza, jekete akulikokera pansi. Likongwe anapita pa njinga yake, anamasula khushoni yokhalira makasitomala, anaipukuta fumbi, n'kukaiika pa chitsa pakati pa bwalo. Anagwada, anaomba m'manja katatu.

"A Tcheyamani, mwandigonjetsa ndi mtima wanu wabwino. Ndachita manyazi. Taonani, ife ana takhala pansi, inu wamkulu muli chiimire. Kwathu sizitero. Khalani, bwana."

"Ndili bwino chonchi."

"Mukakana ndiye kuti simunandikhululukire. Anzanga, tithandizane kupempha."

Opalasa onse, amene ankafuna kakhumi ka mphatso, anaomba m'manja. "Khalani, a Tcheyamani! Khalani!" Ngakhale Khwangwala anati mpando woperekedwa mwaulemu chonchi sukanidwa.

Nyani anayang'ana uku ndi uku, njira panalibe. Anatsika pang'onopang'ono, akupuma ngati mayi wodwala msana. Atangokhudza khushoni anakuwa mawu amene anamveka mpaka ku boma, n'kudumpha m'mwamba. Jekete linakwera kumutu, ndipo siteji yonse inaona zimene msewu wa miyala unachita dzulo lake. Chikundu chinali chitatupa, ubweya utasosoka, chili psuu.

Chiseko chake sindingathe kuchifotokoza. Ena anagubuduzika m'fumbi. Mayi Nkhanga anakhala pansi kuti angagwetse dengu. Nguluwe analuma chogwirira cha pampu, mapewa akugwedezeka.

"Ndime zinayi!" anakuwa Nyani, mtima wabwino uja utathawa. "Zinayi! Dina, Nguluwe, dina!"

Likongwe anawerenga mumtima msangamsanga. Ankafuna zitatu. Yachinayi inali imfa, chifukwa bambo ake ankatinso tayala likafewetsa, limu, chitsulo chogwira tayala chija, imaluma chubu pa mwala woyamba, ndipo panjira ya kudambo panali miyala powolokera mtsinje. Anayamba nyimbo ija, ya kanthu kakang'ono ndi mpweya wa eni ake, gulu likuvomera uku likusekabe. Ndime zitatu anaziimba bwinobwino, chala cha kuphazi chili pa tayala. Yachinayi anaimeza yonse m'mpweya umodzi, moti ovomera asanatsegule pakamwa iye anali atamaliza.

"Nyimbo yanji yothamanga chonchi?" anafunsa Nguluwe.

"Chisoni, a Nduna. Chimandithamangitsa lilime."

Khwangwala anati mawu onse a ndimeyo anatchulidwa, ndipo lamulo silinena za liwiro. Likongwe anachita chimodzimodzi pa tayala linalo, Khwangwala analira, iwo ananyamuka, gulu lonse likutsatira pansi.

Nyani anapalasa ataimirira. Atangolowa mumchenga, matayala ake opyapyala anamira mpaka m'masipoko. Anapalasa, njinga inakumba. Anapalasanso, inakumbanso. Anatsika n'kuyamba kukankha, thukuta lili kamukamu m'jekete. Ngolo inabwera pambuyo, yosafulumira, matayala atatambalala, ikusiya mkukuluzi wotakata pamchenga.

"A Tcheyamani," anatero Likongwe akudutsa, "ndikupatseni nzeru yaulere. Phwetsaniko. Ndime ziwiri zokha, mutuluka mumchengamu."

Nguluwe, amene ankathamanga pambali atanyamula pampu, ananong'ona. "Akunena zoona, bwana. Tiphwetseko pang'ono. Miyendo muli nayo, mukhoza kumupeza."

Nyani ankadziwa kuti n'zoona. Anali ataziona ndi maso, ndipo chikundu chinali chikumukumbutsa. Anayang'ana valavu. Koma lamulo linali lake lomwe: mpweya sutuluka popanda nyimbo. Anayang'ana gulu lija litamuzungulira, manja atakonzeka kuomba, milomo itakonzeka kuvomera. Anayesa kutchula mumtima mawu oyamba, oti iye ndi kanthu kakang'ono, koma anamukanirira pakhosi.

"Tcheyamani saphwetsedwa," anatero. "Vuto ndi loti mpweya wachepa. Nguluwe, popa!"

"Bwana, dzuwali..."

"Ndati popa! Kakhumi! Bwerezanso!"

Nguluwe anapopa atatseka maso. Mchenga unali wotentha, tayala linali litakhuta kale. Pa kakhumi koyamba linalira ngati likudandaula. Pa kachiwiri linaphulika, phuu, moti Nguluwe anagwa chagada, Khwangwala m'mwamba anataya nthenga ziwiri.

Likongwe anamva kuphulikako ali powolokera mtsinje, koma analibe nthawi yoseka. Tayala lakumbuyo linagunda mwala, limu inati ngo. Anapalasa kamodzi akudikira kumva mpweya ukutuluka. Anapalasa kawiri. Chubu chinapirira. Ndime yachinayi ija akanaiimba ndi ulemu wake wonse, bwenzi nkhani ino ikutha mwina. Anafika kudambo woyamba, n'kukhala pansi.

Madzulo ake ku siteji, Khwangwala anatenga pampu n'kuipereka kwa Likongwe. Nyani anafika atasenza njinga paphewa, n'kukaima kutsogolo kwa mzere monga mwa masiku onse. Nguluwe anayandikira, anatsina tayala lophulika lija, zala zake zinakumana.

"Pepani bwana," anatero. "Malinga ndi lamulo lanu, malo a wopanda mpweya ali uko."

"Ndinakutukwanani masiku awiri, a Nyani," anatero Likongwe, "koma sindinakuchotsereni mpweya ngakhale wodzaza mphuno. Wonsewu mwautulutsa nokha."

Likongwe anapachika pampu pa mtengo wa pa siteji. Anati lamulo latha, aliyense azipopa yekha poyang'ana msewu umene akupita ndi kulemera kwa katundu wake. Onse anaomba m'manja, anamutamanda, anati maso awo atseguka.

M'mawa mwake anawapeza ali pamzere wa pampu, akukanganirana. Nguluwe anali atapopa makumi asanu ndi limodzi. Wotsatira wake ankafuna kumupitirira. Ankatsinana matayala ngati kale, akusimbirana za chikundu cha Nyani, akuseka, kenako n'kukwera njinga zawo zolimba gwa kulowera ku msewu wa miyala. Paja anyani amasekana zikundu. Likongwe anangowayang'ana, sanawaletse. Anaona kuti akawaphunzitsa kwambiri makasitomala agawana.

Posakhalitsa Mayi Nkhanga anatulukira ndi dengu lake. Anadutsa mzere wonse n'kukatula pa Ngolo. Likongwe anatulutsa malegeni atsopano, akuda bii, odulidwa mwaluso, n'kuyamba kumanga dengulo.

"Koma ndiye olimba," anatero Mayi Nkhanga akukoka limodzi. "Mwawapeza kuti?"

"Chubu cha a Tcheyamani chophulika chija, mayi. Mpeni ananoletsa okha."

Nyani anamva ali kumapeto kwa mzere. Anasiya njinga yake pomwepo n'kulowera kuphiri, kumene kulibe womupempha kuti akhale pansi anthu akuona. Chikundu chija sichinamerenso ubweya, ndipo ana ake onse amabadwa nacho mpaka lero.

Nthano yaphwera pamenepa. Mbatata munakwirira pamoto ija kaiphuleni, ingapserere.